Masiku Amene Seva Inkasowa

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo mu Chipata muno ndaigwira nthawi yaitali moti ndikamadutsa ku Kapata ena amandipatsa moni pondikumbutsa pulinta yomwe ndinawakonzera kalekale. Ndimaikonda ntchitoyi. M'mawa ndimamangirira kachikwama ka zida kumbuyo kwa njinga yamoto n'kumazungulira maofesi, masukulu ndi mashopu, kwina kumwa tiyi, kwina kulalatiridwa, madzulo n'kubwerera kunyumba fumbi lili mbuu m'tsitsi. Chilema changa n'chimodzi, ndipo mkazi wanga akhoza kuchitira umboni: ndikanena kuti chinthu ndakonza, sindifuna wina abwere kudzandiuza kuti sichinakonzeke. Akatero ndimapsa mtima msanga, ndipo pakamwa panga pamatuluka mawu omwe ndimadzanong'oneza nawo bondo pambuyo pake.

Mwa makasitomala anga akale muli kampani ina yogula mtedza, soya ndi mpendadzuwa kwa alimi, yomwenso imagulitsa mbewu ndi feteleza mvula ikayandikira. Pulogalamu yawo ya akaunti ndinawaikira ndine. Mabuku onse a kampaniyo amakhala pa kompyuta imodzi yaikulu yomwe timaitcha seva, ili m'kachipinda ka kumbuyo, ndipo makompyuta ena a mu ofesi amachita kukatenga zonse kumeneko kudzera pa netiweki. Seva ikapanda kuyankha, pulogalamu imangotulutsa kabokosi kofiira konena kuti yalephera kulumikizana ndi detabesi, nkhokwe ya mabukuwo. Kabokosiko kakatuluka palibe lisiti lomwe lingasindikizidwe, ndipo mlimi amene wayezetsa kale matumba ake amangokhala panja kudikira.

Amene ankalemba malisitiwo anali amayi ena achikulire, omwe aliyense ankangowatchula kuti amayi a akaunti. Anayamba ntchito pakampanipo nthawi ya mabuku akuluakulu olemba pamanja, ndipo kompyuta anaiphunzira ataona kale zidzukulu. Ankatayipa ndi zala ziwiri, magalasi atawamangirira kachingwe m'khosi. Pa desiki lawo pankakhala kapu yachitsulo, kamtanda kakang'ono kamtengo ndi chithunzi cha gulu la amayi a kutchalitchi kwawo. Ine ankanditchula kuti a injiniya, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati unali ulemu kapena kundiseka.

Chaka china nyengo yogula mbewu itangoyamba, kabokosi kofiira kaja kanayamba kubwera. Foni inkalira cha m'ma teni, amayiwo n'kundiuza mofatsa kuti seva yasowanso. Ine ndinkakhala ndili pa ntchito ina, choncho ndinkafika dzuwa litapendeka, n'kupeza zonse zikuyenda bwinobwino. Ndikakhala pampando wawo, kutsegula pulogalamu, kusindikiza lisiti loyesera, linkatuluka popanda chovuta. Zinali ngati mwana amene wabuula usiku wonse koma mukangofika naye pachipatala ayamba kuthamangathamanga pamzere. Amayiwo ankangoti makinawo amandiopa, ndipo tsiku loyamba ndinaseka nawo. Pofika ulendo wachinayi kuseka kunali kutandithera.

Sindinakhale manja lende, zimenezo ndidziikire kumbuyo. Ndinasintha kebulo yochokera pa desiki lawo kupita ku kachipinda ka seva. Ndinasintha kabokosi komwe makebulo onse amakumana. Ndinakayikira magetsi, poti kuno amangothima nthawi iliyonse, ndiye ndinayeza batire la seva n'kupeza kuti likadali lamphamvu. Ndinachotsa pulogalamu pa kompyuta ya amayiwo n'kuiikanso. Tsiku lina ndinakwera m'siling'i n'kupeza kebulo ina itatafunidwa ndi makoswe. Ndinatsika nayo m'manja ndikunyadira, kuonetsa aliyense mpaka a londa pageti, ndipo ndinauza a manejala kuti mbava yagwidwa. Patangopita masiku atatu foni inaliranso.

Tsiku limenelo ndinafika nditakwiya kale. Amayiwo ananditambasulira kabuku kasukulu, kamizeremizere, n'kunena kuti akhala akulembamo tsiku ndi nthawi iliyonse yomwe seva yasowa, mwina kangandithandize. Sindinakalandire. Ndinawauza kuti seva ili ndi mabuku akeake omwe ndinawerenga kale, ndipo akusonyeza kuti sinazimepo ngakhale kamodzi. Zimenezo zinali zoona. Amayiwo anakabweza m'dirowa. Kenako a manejala anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Ndi bambo wachinyamata, wokonda zinthu zoyenda mwachangu, ndipo eni kampani anali atayamba kumufunsa chifukwa chimene alimi akudandaulira. Anandifunsa kuti vuto lenileni lili pati.

Ndinayankha kuti, “Makinawa alibe vuto, abwana. Mwina nkhani ili m'manja mwa amene akuwagwiritsa ntchito.”

Ndinatuluka mtima uli m'malo, poganiza kuti ndachotsa mlandu pamutu panga. Sindinaganize n'komwe za kumene mawu angawo akagwere.

Sabata yotsatira ndinapitako kukasiya inki. Ndikutuluka, a londa anandiimitsa pageti. Ndi mkulu wa imvi, wochokera cha ku Kasenengwa, amene amalemba mlendo aliyense m'buku lalikulu ngakhale ine amene amandidziwa zaka zonsezi. Ananditengera pambali n'kunditsina khutu kuti a manejala auza amayi a akaunti kuti mwezi ukatha akapume, m'malo mwawo mubwera mtsikana wa ku koleji wodziwa makompyuta. Anati amayiwo sanatsutse, angopempha kuti amalize kaye nyengo ya mtedza koma awakanira. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, “A injiniya, amayi aja akulera ana atatu a mwana wawo womwalira. Ngati ndi iwo akuonongadi makina, chabwino. Koma inu mwaona ndi maso anu?”

Ndinakwera njinga yanga manyazi atandigwira. Kunyumba nditafotokozera mkazi wanga, sanandikalipire. Anangondifunsa kuti pa maulendo onse aja ndinafikapo kangati vutolo likuchitika. Nditati sindinafikepo, anapitiriza kusita malaya a ana.

M'mawa mwake ndinabwerera kukapempha kabuku kaja. Amayiwo anakatulutsa m'dirowa ngati palibe chinachitikapo. Munali molembedwa mwaukhondo, tsiku, nthawi yomwe seva yasowa, nthawi yomwe yabwerera. Nthawi zina inkasowa mphindi zisanu, nthawi zina ola lathunthu, nthawi zina kusowa ndi kubwerera kangapo m'mawa umodzi. Masana kunalibe kanthu. Nditawerenga kawiri ndinaona kuti pafupifupi masiku onsewo anali Lachiwiri ndi Lachisanu, kupatula Lolemba limodzi. Ndinakhala pabenchi lapakhonde mutu utaima, chifukwa kompyuta siidziwa kuti lero ndi Lachiwiri kuti ichite ulesi.

A londa anabwera kudzasuzumira. Nditawauza masikuwo, anapita kukatenga buku lawo la alendo, kunyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kutsegula masamba. Lachiwiri ndi tsiku lomwe lole ya kampani imakatenga matumba ndi eni ake ku Chiparamba ndi Madzimoyo. Lachisanu imapita ku Kasenengwa. Masiku amenewo tsamba la alendo linkadzaza mpaka kuseri. Lolemba lija nalonso analipeza: kunabwera gulu la amayi a kalabu ya ulimi kudzaona mbewu. Mabuku awiri olembedwa pamanja, la amayi ndi la a londa, anagwirizana mzere ndi mzere, pamene ine ndi laputopu yanga tinatha mwezi tikuzungulira pamodzimodzi.

Komabe sindinadziwe chimene alimi amachita kuti seva isowe. Ndinaganiza za sikelo yamagetsi, kuti mwina ikamagwira ntchito imakoka mphamvu yambiri. Ndinaganiza za lole, kuti mwina imaponda kebulo ina yokwiriridwa pansi. Ndinauza makasitomala ena onse kuti Lachisanu asandiyembekezere, ndipo tsikulo ndinafika geti lisanatsegulidwe.

M'mawa umenewo unali wokoma, wozizira bwino ngati mmene kumakhalira mwezi wa Juni, mapiri ozungulira tauni ataphimbika ndi kankhungu. Ndinagula chinangwa chootcha kwa mayi wina wa kunja kwa mpanda, n'kukhala pakona pa khonde laputopu ili pamiyendo. Pali njira yogogodera seva kuchokera pa kompyuta ina kuti uone ngati ikuyankha, ndiye ndinaika laputopuyo kuti izigogoda mosalekeza. Inkayankha bwinobwino. Lole inafika cha m'ma naini, itasenza matumba, alimi atakhala pamwamba atafunda zitenje ndi majekete. Anatsika akudziphumuntha fumbi, ena n'kupita kusikelo, ambiri n'kudzaza mabenchi apakhonde.

Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene sindikanachiona masana. Amayi a akaunti anatuluka mu ofesi atanyamula ndowa ya madzi akumwa ndi makapu. Anayenda benchi lonse kupereka moni kwa aliyense, kufunsa za kunyumba, za odwala, za mmene nsawa zachitira chaka chino, pakuti ambiri ankawadziwa mayina ndi midzi yomwe. Atatha anabwerera mkati n'kutulukanso ndi kachidutswa ka katoni, n'kukakoleka pa msomali pamwamba pa ndowa paja. Pakatonipo panalembedwa pasiwedi ya waifai ya ofesi, ndi zilembo zikuluzikulu. Amene maso awo sankaona bwino anawapatsira mafoni, iwo n'kumawalembera ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno.

Ndinawafunsa kuti zimenezi anayamba liti. Anati chaka chatha, waifai itangoikidwa. Anandiyang'ana modabwa kuti ndikufunsiranji, n'kunena kuti, “Munthu wachokera kutali, wakhala pabenchi mpaka masana. Madzi timampatsa. Nanga ichi chomwe sichitha n'kumumana chifukwa chiyani? Mabandulo adula, a injiniya.”

Khonde lonse linasanduka phokoso. Wina ankatumiza uthenga wamawu kwa mwana wake ku Lusaka, wina ankakopera nyimbo za kwaya, abambo awiri ankakangana za mpira ataweramira kafoni kong'aluka galasi. Zinandisangalatsa kuziona, ndisaname. Ndikuonerera choncho, amayiwo anandiitana pawindo kuti kabokosi kofiira katuluka. Ndinayang'ana laputopu. Kugogoda kunkayankhidwabe, koma nditafufuza amene akuyankhayo ndinapeza kuti si seva. Inali foni ya munthu.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira. Chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, ndipo makompyuta a mu ofesi amaipeza seva poitana nambala yakeyo. Pomwe ndinkaika sevayo zaka zapitazo, ndinailembera ndekha nambala 30. Nthawi imeneyo mu ofesi munali makompyuta asanu okha, ndiye 30 inkaoneka kutali kwambiri. Chaka chatha, nyengo yogula mbewu itatha, ndinabweretsa rauta yatsopano, kabokosi komwe kamapereka waifai ndi kugawa manambala kwa aliyense wolowa, kuyambira pansi kumakwera. Ndinayenera kuiuza kuti nambala 30 ili ndi mwini wake, isapatsidwe kwa wina. Ndinadziuza kuti ndichita mawa lake, ndipo sindinachite. Masiku wamba mafoni ndi makompyuta sankafika n'komwe makumi awiri. Tsiku la lole ankapitirira, ndipo rautayo inkapereka 30 kwa mlendo. Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina amene ali ndi malo ake pabenchi lachitatu, osalembedwa paliponse, tonse timangodziwa. Mlendo akafika n'kukhalapo sanalakwe, wolakwa ndi amene sanamuuze.

Ndinafuna kutsimikiza, ndiye ndinayenda benchi lonse ndikupempha kuona mafoni. Nambala 30 ndinaipeza kwa mayi wina wa ku Kasenengwa amene ankaonera kavidiyo ka mdzukulu wake akuphunzira kuyenda. Ndinawapempha kuti azimitse waifai. Atazimitsa, amayi a akaunti anakweza dzanja pawindo kuti seva yabwerera. Ndinati ayatsenso, ndipo posakhalitsa dzanja lija linagwedezeka kuti yasowa. Tinachita katatu, alimi akuseka, mayi a ku Kasenengwa aja akufunsa mwamantha ngati foni yawo yaononga makina a kampani. Ndinawatsimikizira kuti alibe mlandu. N'chifukwa chakenso ine ndinkapeza zonse zili bwino: pomwe ndinkafika masana, lole inkakhala itabweza anthu kwawo, mafoni awo ali m'matumba.

Kukonza kwake kunanditengera mphindi zisanu. Ndinauza rauta kuti manambala a alendo aziyambira pa 100, n'kusiya a pansi onse kwa seva ndi makompyuta a mu ofesi. Mphindi zisanu zimenezo ndi zimene ndinazengereza chaka chathunthu.

A manejala anali ataona chipwirikiti chija pawindo lawo, ndipo anandiitana. Anaitananso amayi a akaunti, iwo n'kuima pafupi ndi chitseko manja atawagwirizira kutsogolo. Ndinayamba kufotokoza za mafoni a alimi, koma ndisanafike pakati a manejala anandidula. Anati ndiye kuti sanalakwitse, vuto ndi amayi omwewo, ndani anawauza kuti azigawa pasiwedi ya kampani ngati mtedza wokazinga. Apa njira yothawira inali itatseguka yokha. Ndikanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pomwepo, dzina langa likanakhala loyera, ndipo kontirakiti yanga sikanakhudzidwa. Ndinaiona njirayo bwinobwino, ndipo ndivomere kuti kwa kamphindi inandikoka. Amayiwo sanadziteteze. Ankangoyang'ana pansi.

Ndinati, “Ayi, abwana. Netiweki yoikidwa bwino siigwa chifukwa cha mafoni a alendo. Cholakwa ndi changa, ndinasiya ntchito yosamaliza chaka chatha. Ndipo tsiku lija ndinakuuzani kuti vuto lili m'manja mwa amayiwa, ndinanena ndisanaone chilichonse. Amene apeza vutoli ndi iwowa, ndi kabuku kawo, pamodzi ndi a londa.”

A manejala anandilalatira, ndipo ndinayenera kulalatiridwa. Anawerengera zonse zomwe ndinawagulitsa pachabe, kebulo, kabokosi ka makebulo kaja, masiku a alimi odikira padzuwa, n'kunena kuti mwezi umenewo ndisabweretse pepala lofuna malipiro. Ine amene ndimapsa mtima msanga ndinangoti zikomo. Atatopa anatembenukira kwa amayi aja, n'kukanda m'mutu, n'kunena motsitsa mawu kuti zimene anakambirana zija aziiwale, ntchito ipitirire. Za pasiwedi anati sakufunabe kuti alendo azilowa pamodzi ndi mabuku a kampani, ndipo pamenepo anali ndi mfundo. Ndinawauza kuti rauta yomweyo ikhoza kutulutsa waifai yachiwiri ya alendo okhaokha, yosafika kuseva. Anavomera monyinyirika.

Ndinaikonza masana omwewo nditakhala pa desiki la amayi a akaunti, iwo ataima pambali kudikira kuti ndiwauze pasiwedi yatsopano alembe pakatoni. Ndili pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti desikilo linali lopanda kanthu. Kapu yachitsulo ija panalibe, kamtanda panalibe, chithunzi panalibe. Ndinali nditakhalapo kawiri sabata imeneyo osaona. Phazi langa linagunda chinthu pansi pa desiki, ndipo nditasuzumira ndinaona kamtolo komangidwa m'chitenje.

Ndinadzuka pampando kuwapatsa malo. Ndinayamba kupepesa, mawu akundisokonekera, koma anangondigwira pamkono kuti ndisiye. Anawerama n'kukoka kamtolo kaja, kukaika pamiyendo, n'kumasula mfundo pang'onopang'ono. Anatulutsa chithunzi n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, kuchiimika pamalo pake. Anatulutsa kamtanda. Munalinso kakhushoni kapampando, mpukutu wa ulusi ndi mabotolo awiri a mankhwala a maso. Anati anamanga tsiku lomwe anauzidwa lija, kuti tsiku lomaliza likafika asadzachedwetse anthu ndi kulongedza, ndiponso ana kunyumba anali asanawauze.

Kampani ija ndimapitako mpaka lero, ndipo kabokosi kofiira sikanabwererenso. Kontirakiti sanandilande. Vuto lililonse lobwera n'kumapita ndimayamba ndafunsa amene amakhala nalo kuti analemba chiyani, ndipo ndimafika nthawi yomwe likuchitika ngakhale zitandisokonezera tsiku lonse. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chomaliza kutuluka m'kamtolo kaja. Inali kapu yachitsulo. Amayiwo sanaiike pa desiki. Anatuluka nayo pakhonde, kuitsuka, kutunga madzi mu ndowa ya alendo ija, n'kubwera kudzandipatsa ndi manja awiri.

“Imwani, a injiniya,” anatero. “Mwakhala pano kuyambira m'mawa.”